Ka SUV ka petulo mu Harare: Vezel, Juke, Rush, Raize, XV kapena Brezza?

Munthu amene wayendetsa ka Fit kapena ka Vitz mu Harare muno kwa madzinja angapo amafika poganiza zogula galimoto yokwererapo pang'ono. Si kudzionetsa ayi. Misewu ya ku Epworth, Hopley, Caledonia ndi mbali zina za Dzivarasekwa ndi Mufakose ikangolawa mvula ya Disembala imasanduka maenje okhaokha, ndipo galimoto yotsika imakhula mimba pansi tsiku ndi tsiku. Ifeyo amene mizu yathu ili ku Malawi tilinso ndi chifukwa china. Kukagwa maliro ku Dedza, kapena ikafika nyengo ya Khirisimasi, timafuna galimoto yoti inyamule banja ndi katundu, idutse Mutoko, Nyamapanda, kutentha kwa Tete, mpaka ikakwere mapiri a ku Zobwe osapsa.

Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiyinene poyamba. Pa magalimoto onse ndalemba apawa, injini si yodetsa nkhawa kwenikweni. Chimene chidzakulizeni kapena kukusiyani pa mtendere ndi giyabokosi, ndiponso makaniko amene adzaigwire. Ndiye tiyeni tiyambe ndi zoyezera, kenako tione galimoto iliyonse payokha.

ZOYENERA KUYEZA MUSANAKOPEKE NDI PENTI

Choyamba ndi chaka. Kuyambira mu 2021, pansi pa Statutory Instrument 89, boma la Zimbabwe linatsekera khomo magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito amene apitirira zaka 10, ndipo mu 2024 lamuloli linalimbitsidwanso. Zakazo zimawerengedwa kuchokera pamene galimoto inapangidwa, osati pamene inalembetsedwa koyamba ku Japan, ndipo masiku awiriwa amatha kusiyana ndi miyezi yambiri. Galimoto imene yatsala pang'ono kukwanitsa zaka 10 musaiyitanitse. Ikhoza kukalamba ili panyanja, inu n'kukaitaya pa boda.

Chachiwiri ndi msonkho. Mtengo mukuuona pa mawebusayiti ogulitsa magalimoto a BE FORWARD kapena SBT Japan ndi chiyambi chabe. A ZIMRA, bungwe lotolera msonkho, amawerengera pa mtengo wa galimoto pamodzi ndi ndalama yonyamulira ndi inshuwalansi ya panjira. Pamenepo amaika msonkho wa kasitomu molingana ndi kukula kwa injini, amawonjezera msonkho wina wotchedwa surtax ngati galimoto yapitirira zaka 5, kenako VAT pamwamba pa zonsezo, ndipo amafuna madola a ku America. Pa galimoto yopitirira zaka 5, msonkho wonse umatha kufika pafupifupi pa mtengo wa galimotoyo. Akaona kuti risiti yanu yatchipa mokayikitsa ali ndi mphamvu yoika mtengo wawo. Doko nalo lili ndi zake. Zodzera ku Durban zimabwera zitakwezedwa pa thiraki mpaka Beitbridge. Zambiri zodzera ku Dar es Salaam zimayendetsedwa pamsewu kudutsa Tunduma ndi Zambia mpaka Chirundu, ndi dalaivala amene simukumudziwa, wofulumira kuti abwerere akatenge ina.

Chachitatu, giyabokosi ija. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan masiku ano ali ndi CVT. Mkati mwake mulibe magiya a mano monga tinazolowera. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amatseguka ndi kutsekeka. Imapulumutsa petulo ndipo imayenda mosalala, koma ili ndi adani atatu: kutentha, katundu wolemera, ndi oyilo wolakwika. Atatu onsewa ali pakhomo pathu. Otomatiki yachikale ya magiya anayi imamwetsa petulo wambiri koma imapirira nkhanza. Ya manyuwale imaposa zonse pa kutchipa kokonza, chifukwa kilachi makaniko aliyense wa ku Gazaland amaidziwa.

Poyesa CVT musachite manyazi. Fikani pa car sale m'mamawa ndipo muike dzanja pa boneti. Ikakhala yofunda, dziwani kuti wina wailiza kale inu musanafike, ndipo muyenera kubweranso tsiku lina, chifukwa zovuta zambiri zimamveka injini ikadali yozizira. Mukaliza, ikani pa R, muone ngati ikuchedwa kugwira kapena kugunda. Nyamukani pang'onopang'ono phazi lili lopepuka: kunjenjemera kulikonse pa liwiro la munthu woyenda pansi ndi chenjezo. Kenako kwerani nayo chitunda cha ku Kopje muli atatu kapena anayi, wailesi itazimitsidwa. Ngati injini ikukuwa koma liwiro silikukwera, kapena mukumva kulira kopyapyala kosatha kochokera pansi, ibwezeni mwaulemu. Tsegulaninso chitseko cha dalaivala ndi boneti mufufuze kasitika ka galaja ya ku Japan kosonyeza makilomita a tsiku limene anasintha oyilo. Kakanena 118,000 pamene wotchi ikunena 64,000, nkhani yatha pomwepo.

Chachinayi ndi kutalika kuchokera pansi, pamodzi ndi tayala la sipeya. Pansi pa mamilimita 180, dzina la SUV limakhala la pakamwa chabe. Magalimoto ambiri a ku Japan amabwera opanda sipeya, ali ndi kabotolo ka guluu ndi kapampu, zimene sizithandiza dzenje likang'amba tayala m'mbali. Malamulo a pamsewu kuno amafuna sipeya, jeke, sipanala ya mawilo, matirayango awiri ndi chozimira moto, ndiye ndalama ya zimenezi muiwerengere limodzi.

Chachisanu ndi petulo. Wa kuno ndi wosakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje ndi Triangle, ndipo a ZERA, bungwe loyang'anira mafuta ndi magetsi, ndiwo amalengeza mlingo wake, umene umafika mpaka 20 pa 100. Petulo wotere amatha msanga pang'ono, ndipo amakoka chinyezi galimoto ikakhalitsa osayenda. Makilomita a pa lita amene amalembedwa m'mabuku a ku Japan simudzawaona pa Seke Road nthawi ya m'mawa. Kumbukiraninso kuti Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, pamene mpweya ndi wopepuka. Injini yopanda tabo, kachida kokankhira mpweya wambiri mu injini, imataya mphamvu ndithu, mwina kufika gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri. N'chifukwa chake galimoto ya injini ya malita 1.5 yodzaza anthu imamveka yaulesi pokwera.

Tsopano magalimoto.

HONDA VEZEL

Mtengo. Ili pakatikati. Imaposa Juke ya chaka chomwecho, koma pogulitsanso simuvutika, chifukwa mu Harare Vezel ndi dzina lodziwika ngati Fit, imene ndi mchemwali wake pa chesisi.

Kupezeka. Yadzaza pa ma car sale a ku Msasa, Eastlea ndi kwina konse, ndipo ku Japan inayamba kugulitsidwa kumapeto kwa 2013. Koma apa ndi pofunika kutsegula maso. Ma Vezel ambiri amene mukuwaona ndi a hybrid, oyendera petulo ndi magetsi, ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti ndi yomweyomweyo, kungoti imamwa pang'ono. Si yomweyomweyo. Yang'anani nambala ya chesisi: RU1 ndi RU2 ndi za petulo yekha, RU3 ndi RU4 ndi za hybrid. Ya petulo ili ndi injini ya L15B ndi CVT. Ya hybrid ili ndi giyabokosi ina ya magiya 7 yokhala ndi makilachi awiri, imene a Honda eni ake anaiyitanitsa kangapo kuti akaikonze m'zaka zoyambirira. Giyabokosi imeneyi imadana ndi kukwawa pa mzere wa magalimoto, monga zimakhalira pa Simon Mazorodze madzulo alionse. Poti nkhani yathu ndi ya petulo, funani RU1.

Kusamalira. Masipeya a tsiku ndi tsiku ali mbwee pa Kaguvi Street, ndipo zina zimagwirizana ndi za Fit. Injini ili ndi tcheni osati lamba wa taimingi, ndiye palibe nkhawa yosintha pafupipafupi. Oyilo wa CVT ndi HCF-2, ndipo musalole kuti wina athiremo wa otomatiki wamba chifukwa choti ndiye ali pafupi. Injiniyi imapopera petulo molunjika mu silinda, choncho imamva msanga petulo wauve. Mwani pa malo odziwika, osati wa m'zigubu.

Zoopsa. Thanki ya petulo, ya malita 40, ili pansi pa mipando yakutsogolo. Ndi chimene chimapatsa galimotoyi malo ambiri mkati, moti mipando yakumbuyo imapindika mpaka pansi n'kulowetsa matumba a chimanga bwinobwino. Koma zikutanthauzanso kuti mwala wa pakati pa msewu uyenera kuopedwa, ngakhale RU1 ili ndi mamilimita 185. Mashoko ake ndi olimba, ndipo pa msewu wa mabampu achikulire okhala kumbuyo amadandaula msana. Malo ambiriwo ndi msamphanso, chifukwa amakunyengererani kupakira mopyola muyeso, ndipo wolipira ndi CVT.

NISSAN JUKE

Mtengo. Kawirikawiri ndi yotchipa kuposa zonse pano, ndipo pali chifukwa chake.

Kupezeka. Ya mtundu woyamba, imene imachokera ku Japan, inapangidwa kuyambira 2010 mpaka 2019, ndiye zoyitanitsa zatsala za zaka zomalizira zokha. Zogulitsana pakati pa anthu muno n'zambiri. YF15 ndi ya 1.5 yopanda tabo. F15 ndi NF15 zochokera ku Japan ndi za 1.6 tabo.

Kusamalira. Injini ya HR15DE ndi yabwino ndipo ili paliponse: mu Tiida, mu Note yakale, mu Wingroad, mu AD van. Makaniko wa ku Highfield akhoza kuimasula ali m'tulo. Oyilo wa giyabokosi ndi NS-2 kapena NS-3 malinga ndi chaka, ndipo asinthidwe msanga kuposa mmene buku likunenera.

Zoopsa. CVT yake, yopangidwa ndi kampani ya Jatco, ndi imene ili ndi mbiri yoipa kwambiri pa magalimoto onse a m'nkhani ino. Ikayamba kutentha imachepetsa mphamvu yokha kuti idziteteze, ndipo zimenezi zimachitika pamene mukuifunitsitsa, pa chitunda, mutadzaza. Ikafa, ambiri amagula ina yakale yochokera m'galimoto yophwasulidwa, imene mbiri yake palibe akuidziwa. Buti ndi kakang'ono, ndipo kumbuyo munthu wamtali mutu umagunda denga. Ya tabo imathamanga zedi koma inapangidwira petulo wapamwamba, ndipo sindingaipereke kwa munthu amene akuwerengera ndalama. Ndinene mosabisa: pa banja lopita kumudzi, Juke ndiyo yomalizira pa mndandanda wanga.

TOYOTA RUSH NDI DAIHATSU BE-GO

Apa ndichedwepo, chifukwa ndi galimoto imene anthu amainyoza poiona koma eni ake saigulitsa wamba.

Mtengo. Pa msinkhu wake ndi yodula. Mudzadabwa kuona Rush ya 2012 ikuitanidwa ndalama yofanana ndi Juke yatsopanopo. Msika ukudziwa chimene ukulipira.

Kupezeka. Ku Japan inagulitsidwa kuyambira 2006 mpaka 2016, choncho lamulo la zaka 10 laitsekera njira, ndipo muyenera kuifuna kwa anthu a muno. Be-go ndi Terios ya nthawi yomweyo ndi galimoto imodzimodzi, zasiyana baji yokha. J200 imakoka ndi mawilo akumbuyo, J210 imakoka ndi onse anayi nthawi zonse. Palinso Rush yatsopano yaitali, yopangidwa ku Indonesia, imene inafika ku South Africa mu 2018. Imeneyo ndi yokwera kwambiri, mamilimita 220, ndipo nayonso imakoka ndi kumbuyo.

Kusamalira. Injini ya Rush ya ku Japan ija, 3SZ-VE, ndi yomwe ili mu Avanza yakale ndi Town Ace, ndipo ndi yosavuta: tcheni, yopanda tabo, yosasankha petulo kwenikweni. Giyabokosi ndi otomatiki yachikale ya magiya anayi kapena manyuwale. Palibe lamba wachitsulo woti muziopa. Sipeya ili pa chitseko chakumbuyo, tayala lenileni lofanana ndi anzake, ndipo simutsitsa katundu yense kuti mulitulutse mukaphulitsa pakati pa Cuchamano ndi Changara. Zofunika kuziyang'anira ndi mabushi, ma ball joint, ndi oyilo wa difu, zinthu zimene galaja iliyonse imakwanitsa.

Zoopsa. Imamwa petulo kuposa Vezel, ndipo kusiyanako mudzakumva m'thumba mwezi uliwonse. Pa msewu waukulu ikadutsa 100 injini imasokosa, ndipo kupitirira thiraki kumafuna kuleza mtima ndi msewu wautali woonekera. Ndi yopapatiza komanso yaitali, ndiye pokhota mothamanga imapendama, ndipo zambiri zakale zilibe makina othandiza kuti isaterereke. Si galimoto ya wachinyamata wothamanga. Vuto lina ndi ukalamba: iliyonse imene mupeze yadutsa m'manja mwa anthu angapo pa misewu yathu yomweyi. Lowani pansi ndi tochi. Onani ngati chitsulo chinapindikapo kapena kuwotcheredwa, ndipo onani mtundu wa madzi a mu redieta. Akakhala ofiirira ngati dothi, injiniyo yakhala ikumwa madzi a pampopi.

TOYOTA RAIZE NDI DAIHATSU ROCKY

Mtengo. Pogula ku Japan ndi yokwera chifukwa ndi yatsopano, koma mukapeza yosapitirira zaka 5 mumapewa surtax, ndipo injini yaing'ono imathandizanso. Werengani zonse musanaikane.

Kupezeka. Inatuluka kumapeto kwa 2019 ndipo ikuchulukirachulukira mu Harare. A200 ndi A210 zili ndi injini ya 1.0 tabo ya masilinda atatu. Kuyambira kumapeto kwa 2021 zokoka ndi kutsogolo zinapatsidwa 1.2 yopanda tabo, ndipo kunabweranso ya hybrid.

Kusamalira. Tabo imabwezeretsa mphamvu imene mtunda wa Harare umalanda, moti kagalimotoka kamanyamuka mopepuka kuposa mmene mungaganizire. Malipiro ake ndi oyilo: wabwino, wopyapyala monga buku likunenera, wosinthidwa pa nthawi yake. Oyilo wotchipa wa m'chigubu chosadziwika amapha tabo mwakachetechete. Masipeya a thupi, monga magetsi, bampa ndi galasi, sanachuluke ngati a Vezel, ndiye mukagundidwa ndi mushikashika, timagalimoto tonyamula anthu mosaloledwa tija, mukhoza kudikira.

Zoopsa. Ndi yopepuka, yosafika mamita anayi m'litali, ndipo thanki yake ndi ya malita 36 okha. Kutalika kwa mamilimita 185 ndi kokwanira mu tawuni, koma ka injini ka lita imodzi ndi CVT, anthu asanu ndi katundu, pa dzuwa la ku Tete, ndi ntchito imene sikanapangidwire kuchita kawirikawiri. Makaniko odziwa bwino makompyuta ake akadali ochepa.

SUBARU XV

Mtengo. Pogula siisiyana kwambiri ndi Vezel, makamaka ya mtundu wa GP wa 2012 mpaka 2017. Ya GT, yoyambira 2017, ndi yokwererapo. Ndalama yeniyeni imapita pambuyo pogula.

Kupezeka. Ilipo, koma si yambiri. Pogulitsanso mumadikira munthu amene akufunadi Subaru.

Kusamalira. Zochokera ku Japan zimakoka ndi mawilo onse anayi nthawi zonse, ndipo zimenezi zili ndi lamulo lake: matayala onse anayi akhale a saizi imodzi, mtundu umodzi, othanso mofanana. Chizolowezi chathu chogula tayala limodzi lakale pamene laphulika chimawononga giyabokosi ya galimoto imeneyi pang'onopang'ono. Injini yake ndi yogona chammbali, ndiye ngakhale kusintha mapulagi kumafuna munthu wozolowera. Zina mwa injini za FB zoyambirira zimadya oyilo, choncho muziyang'ana mlingo sabata iliyonse. Zokhala ndi makamera a EyeSight kuseri kwa galasi lakutsogolo zimafuna kuti makamerawo akonzedwenso ndi makina galasi likasinthidwa, ndipo pa misewu yathu ya timiyala galasi limasweka.

Zoopsa. Petulo imamwa kuposa zinzake, makamaka ya 2.0. Koma ndiipatse ulemu wake. Ndi mamilimita 200, kulemera kwake, ndi kugwira kwake pamsewu wonyowa, palibe ina pa mndandanda uno imene imakhazika mtima pansi pa ulendo wautali ngati iyi. Pa matope a dzinja imadutsa pamene Vezel yayima. CVT yake imakoka ndi tcheni ndipo ndi yolimbirapo kuposa ya Juke, koma ikawonongeka mtengo wake ndi woliza.

SUZUKI VITARA BREZZA NDI TOYOTA URBAN CRUISER

Mtengo. Ndi yokwera kuposa za ku Japan zakale, chifukwa ndi ya zaka zochepa. Amene angakwanitse yatsopano kwa dila wovomerezeka adzapeza alongo ake, Grand Vitara, Fronx, Urban Cruiser yatsopano ndi Starlet Cross, ndipo amalandira waranti, chinthu chimene car sale sipereka.

Kupezeka. Inapangidwa ku India ndipo inafika ku South Africa mu 2021 ndi mabaji awiri, la Suzuki ndi la Toyota. Muno imapezeka kudzera kwa madila, kwa makampani amene akugulitsa magalimoto awo akale, ndi kwa obwera nazo kuchokera kumwera.

Kusamalira. Injini ya K15B ndi 1.5 yosavuta, yopanda tabo, yomwe ilinso mu Ertiga ndi Jimny. Mungasankhe manyuwale ya magiya asanu kapena otomatiki yachikale ya magiya anayi. CVT mulibe. Kutalika kwake ndi mamilimita 198, sipeya imabwera nayo, ndipo wailesi ndi zolemba za pa dashibodi zili m'Chingerezi, pamene za ku Japan zimabwera ndi sikirini ya Chijapani ndi wailesi yosagwira masiteshoni ambiri a kuno mpaka mutaikamo kachida kowonjezera. Inapangidwira misewu ya ku India, ya fumbi, kutentha ndi maenje, ndipo zimenezi zimamveka pa mashoko ake. Masipeya amabwera msanga kuchokera ku South Africa.

Zoopsa. Mkati ndi mwa pulasitiki wolimba, ma airbag ndi awiri okha, ndipo Brezza ndi Urban Cruiser zoyambazo zilibe makina oletsa kuterereka. Imakoka ndi kutsogolo kokha. Choopsa chachikulu si galimoto koma mapepala: yochokera ku South Africa ikhale ndi chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikiza kuti si yobedwa, komanso umboni woti ngongole ya banki inathetsedwa ndipo msonkho unalipidwa pa Beitbridge. Ikatchipa modabwitsa, isiyeni.

ZIWIRI ZIMENE NDAZIDUMPHA

Toyota C-HR ndi yokongola komanso yolimba, koma pa mamilimita 155 kapena kucheperapo ndi galimoto yotsika yovala malaya a SUV, ndipo dzenje la ku Hopley silingaisiyanitse ndi Corolla. Mazda CX-3 ili ndi otomatiki yabwino ya magiya 6, koma ku Japan inayamba ndi dizilo yekha mu 2015, ya petulo inabwera mu 2017, ndiye zotchipa zambiri mukuziona ndi za dizilo, zokhala ndi sefa ya utsi imene imatsekeka pa maulendo afupiafupi a mu tawuni.

MAPEPALA, MULIMONSE MMENE MWASANKHIRA

Mukagula kwa munthu muno, pitani naye limodzi ku Vehicle Theft Squad ku Southerton apolisi akaone nambala ya injini ndi chesisi, mulipire msonkho wosinthira umwini ku ZIMRA, ndipo buku lisinthidwe ku CVR, ofesi yolembetsa magalimoto, likhale m'dzina lanu. Magalimoto ambiri mu Harare akuyenda ndi kapepala ka mgwirizano wogulitsana chabe, buku lili m'dzina la munthu amene anagulitsa kalekale ndipo mwina ali kunja. Mu tawuni mungayende nayo zaka. Tsiku la maliro, pa Nyamapanda, adzakufunsani kalata ya mwini wake yololeza kutuluka nayo, ndipo simudzakhala nayo. Pa ulendo womwewo kumbukirani kuti inshuwalansi ya Yellow Card ya COMESA imagwira ntchito ku Malawi koma osati ku Mozambique, kumene mumagula inshuwalansi yawo ndi chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi. Pa ndalama za chaka ndi chaka werengerani laisensi ya galimoto ya bungwe la misewu la ZINARA, inshuwalansi, ndi laisensi ya wailesi ya ZBC, imene kuyambira mu 2025 imafunika musanapatsidwe zinazo. Ndipo musathere ndalama yonse pa mtengo wogulira. Siyani ina ya oyilo yense watsopano, wa injini ndi wa giyabokosi, matayala, batire ndi sipeya, m'mwezi woyamba womwewo. Matayala a chisanu amene magalimoto ena amabwera nawo kuchokera ku Japan ndi ofewa, ndipo pa phula lotentha la Okutobala amatha mofulumira komanso sagwira bwino.

NDANI ATENGE ITI

Ngati moyo wanu ndi wa mu tawuni, kuchoka ku Mabvuku kapena Kuwadzana kupita kuntchito, kutula ana kusukulu, kutchalitchi Lamlungu, ndipo kumudzi mumapita kamodzi pachaka, tengani Vezel RU1. Yesani CVT monga ndafotokozera, gulani sipeya, ndipo katundu wolemera wa Khirisimasi mumutumize pa basi.

Ngati mukukhala kumene phula silinafike, kapena muli ndi kamunda ku Domboshava kapena Goromonzi, ndipo kwanu ku Ntcheu kapena Mulanje galimoto imasiya msewu waukulu n'kuyenda makilomita angapo pa dothi, funani Rush yosamalidwa bwino, makamaka J210, ndipo muvomere petulo wake ndi liwiro lake lochepa. Thumba likalola, Rush yatsopano ija imachita ntchito yomweyo ndi malo ochulukirapo.

Amene mumayenda njira ya Tete kawirikawiri, pa malonda kapena chifukwa makolo akudwala, ndipo mumakwanitsa kugula matayala anayi nthawi imodzi, XV idzakufikitsani osatopa. Koma muyambe mwapeza makaniko wa Subaru, kenako mugule galimoto.

Bambo kapena mayi amene akugula galimoto yoti akhale nayo zaka zambiri, mwina ndi ndalama ya penshoni kapena yotumizidwa ndi ana ali kunja, ndipo sakufuna kumva za CVT ngakhale pang'ono, atenge Brezza kapena Urban Cruiser, ya manyuwale ngati mwendo ukulola. Pa zonse ndalemba apa, imeneyi ndi imene ndingalangize m'bale wanga weniweni popanda kuwonjezera mawu ambiri.

Banja laling'ono, la anthu awiri ndi mwana, loyenda mu tawuni ndipo lofuna galimoto yatsopanopo yomwa pang'ono, Raize ikuyenerani, bola mukhale okhulupirika pa oyilo.

Juke ndi ya munthu woyenda yekha kapena awiri, wa ndalama yochepa, wosapita kutali, amene wapeza YF15 yokhala ndi umboni woti oyilo wa giyabokosi ankasinthidwa. Umboniwo ukasowa, ndalama yomweyo ikagule Fit yabwino ya petulo, muziyenda pang'onopang'ono pa maenje mpaka mutasonkhanitsa ya Vezel kapena Rush.